Musachotse Kachigamba

"Sindipereka," anatero Singano. "Mundimenye ngati mukufuna, koma sindipereka."

Mayi ake anachotsa phazi pa chopondera, makina osokera n'kuima. Mkono wa diresi la kasitomala unatsala pomwepo, msoko uli pakati. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi alera mtsikanayu osamumvapo akuyankha munthu wamkulu chotere, ndiye lero wasankha kuyambira pa amalume ake enieni, omwenso ndi aphunzitsi ake a makompyuta.

Aphunzitsiwo anali pa mpando wa makasitomala, akugwedeza ndi zala ziwiri fulashi yoti akoperemo pulogalamu ya pa kompyuta. Iwo sankakweza mawu ayi. Ankangotsitsa magalasi n'kukuyang'ana pamwamba pake mpaka uyambe wekha kupepesa, ngakhale usakudziwa chimene walakwa.

"Wamumva mwana wako, mlongo wanga?"

"Ndamumva, achimwene. Iwe, khala pansi. Ukulankhula ndi mnzako kodi, kuti uziimirira choncho?"

Singano sanakhale. Dzina limeneli anamupatsa ndi makasitomala a mayi ake, poti anali wowonda, wamtali, ndiponso wolowa paliponse. Anaima pakhomo la kuchipinda, laputopu ya sukulu ataikumbatira pachifuwa.

"Mayi, fomu ya mpikisano ndaiona ndi maso angawa. Pamalo a wolemba pulogalamu alembapo dzina la Kaputeni. Kaputeni walembapo chiyani? Atchule mzere umodzi wokha umene walemba, ine ndipereka."

Mkangano wonsewu unali wa kaloboti. Tsiku limene Singano ananena kuti walowa kalabu ya maloboti, mayi ake ankayesa akunena magetsi a pamsewu aja, mpaka anamufunsa ngati akufuna kukhala wapolisi. Pamene kanali kanthu kofanana ndi nsapato ya mwana kukula kwake, ka mawilo awiri ndi timaso kunsi, koyenera kutsata kokha mzere wakuda pamalo oyera. Ana anakatcha Kachikumbu. Okonza mpikisano ankatumizira sukulu zonse pulogalamu yolemberatu, imene anawo ankaitcha chikombole: umangosinthamo manambala awiri, basi, njerwa yatuluka. Koma ndi chikombolecho Kachikumbu kankayenda modzandira ngati munthu wochokera ku mowa.

Singano anachitaya chikombolecho n'kuyamba kulemba pulogalamu yakeyake. Miyezi itatu, Loweruka lililonse, ankamata tepi yakuda pansi m'chipinda chosokeramo chomwechi, makasitomala n'kumadumpha mizere. Tsiku lina atagwa mphwayi, mayi ake anangoti, osatukula n'komwe mutu, "Chinthu chakocho chikukhota mwaukali. Nsalu sukoka. Ikapatuka pang'ono umaibweza pang'ono, ikapatuka kwambiri umaibweza kwambiri." Mwanayo anawayang'ana kukamwa kuli yasa, kenako n'kuthamangira pa laputopu. Sabata yotsatira Kachikumbu kanayenda pa mzere osagwedera ndi pang'ono pomwe.

Tsopano mpikisano wa sukulu zonse za m'chigawo unali utatsala masabata atatu. Mwana wolemba pulogalamu yopambana ankapatsidwa malo ku sukulu ya zaumisiri ya mumzinda. Malowo anali amodzi, dzina pa fomu limodzi. Ndipo dzinalo linali la Kaputeni, mwana wa aphunzitsi, amene ukaputeni wake anaupeza tsiku lomwe bambo ake anatsegula kalabu.

"Ntchito ya gulu ndi ya gulu," anatero aphunzitsi mofatsa. "Laputopu ndi ya sukulu. Kaloboti ndi ka sukulu. Magetsi amene unkatchajira ku labu ya makompyuta ndi a sukulu. Chako iwe n'chiyani pamenepo?"

"Mutu ndi wanga, amalume."

"Singano!" anakuwa mayi ake.

"Musiye, mlongo, alankhule. Ndi maphunziro amenewa, tinawafuna tokha." Aphunzitsi anakweza magalasi. "Tamvera, mwana iwe. Msuweni wako ali chaka chomaliza. Akaphonya pano, basi, waphonyeratu. Iwe uli ndi chaka chamawa chathunthu. Ndiponso kuyenda ndi mtsikana kumafuna mphunzitsi wamkazi woperekeza, ndipo womasuka palibe. Ukufuna ndikagwade kwa ahedi chifukwa cha iwe? Ndinagwada kale kamodzi, pamene ndinkakupezera malo pasukulu paja anzako akubwezedwa pageti. Kapena zimenezo zinaiwalika m'nyumba muno?"

"Sizinaiwalike, achimwene," anatero mayi a Singano msanga.

Zikanaiwalika bwanji, poti ankakumbutsidwa mwezi ndi mwezi? Mumtima mwawo ankadziwa bwinobwino kuti mwana akunena zoona, ndipo kudziwako n'kumene kunawapsetsa mtima. Mwana akamalakwa n'zosavuta, umangomukalipira. Koma akamanena zoona pamaso pa munthu amene iwe sungamuyankhe, umasowa poika nkhope.

"Apatse amalume ako."

"Mayi, inu munaona. Munkandilalatira tsiku lililonse kuti tepi ikuwononga simenti. Munaona kapena simunaone?"

"Ndinaona. Ndati apatse. Chaka chamawa si kutali, ndipo pachibale sitiwerengerana."

Singano anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mulu wa nsalu, n'kutsegula laputopu, n'kutambasula dzanja osayang'ana kumene fulashi ikuchokera. M'chipindamo munangomveka tizala tikugogoda. Pobweza fulashiyo anati, mawu ali pansi, "Chimodzi chokha, amalume. Musachotse kachigamba."

"Kachiyani?"

"Kachigamba. Kachikumbu kasananyamuke kamayamba kagwedeza mutu uku ndi uku pamwamba pa mzere. Kamakhala kakuyesa kuti pamalo amenewo kuda kwake n'kotani, kuyera kwake n'kotani. Monga amachitira mayi. Sasoka chovala asanayese ulusi pa kachigamba ka nsalu yomweyo. Gawo limenelo ndinalitcha kachigamba. M'chikombole mulibe."

Aphunzitsi anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. "Pulogalamu ya mpikisano, mayina ake a m'chipinda cha telala! Mlongo, wamva? Walowa mu kompyuta iwe."

Mayi a Singano anasekako nawo, poti achimwene akaseka umaseka. Sankadziwa kuti mwanayu ankawayang'anitsitsa chotero, mpaka kutenga kachizolowezi kawo kopanda pake n'kukaika m'makina a anthu ophunzira. Anabweza phazi pa chopondera kuti phokoso liwabisire nkhope.

Masiku otsatira m'nyumbamo munali zii. Singano ankasesa, ankatsuka mbale, ankapita kusukulu n'kubwerako pa nthawi yake. Ukamuitana, "Inde, mayi." Ukamutuma, "Chabwino, mayi." Ulemu wake unachuluka mpaka kuyamba kubaya. Tepi ija anaimatula yonse, koma guluu wake anatsalira pa simenti, fumbi n'kumatirirapo, moti njira ya Kachikumbu inkaonekabe ikukhotakhota kuchokera pa makina mpaka pakhomo.

Patatsala masiku asanu, aphunzitsi anabwera ndi Kaputeni, jekete latsopano lili pamkono. Manja a jeketelo anali aatali, ndipo pathumba pankafunika kusokerapo baji ya sukulu. Telala wina m'tauni yonseyi anasowa, anasankha nyumba ino.

Kaputeni anaima pakati pa chipinda atatambasula manja, azakhali ake akumuyeza ndi tepi. Sanali mwana woipa. Anali mwana amene chilichonse amachipeza chitaikidwa kale patebulo, ndipo sanaphunzire kufunsa kuti waphika ndani. Msuweni wake atalowa ndi tsache, iye anayang'ana kudenga.

"Chinthu chija tachikonza," anatero aphunzitsi, akudziwongola pa mpando. "Tadulapo masekondi anayi athunthu. Kuvinavina koyambirira kuja tatseka. Mpikisano ndi wa liwiro, si wa gule. Anzathu akunyamuka, ife tikugwedeza mutu?"

Tsache linaima.

"Mwachotsa kachigamba?"

"Tayesa kakhumi ku labu. Kakuthamanga bwino kuposa kale."

"Ku labu kakuyenda chifukwa kakukumbukira kuwala kwa ku labu, amalume. Manambala amene kasunga ndi a chipinda chathu chamdima chija. Kuholo kukakhala kowala mosiyana, sikakauona mzere. Kakangopita."

"Ukumva, mlongo? Munthu akamanidwa chinthu amayamba ulosi." Aphunzitsi anatembenukira kwa Singano. "Ndaphunzitsa makompyuta iwe usanabadwe. Nsanje imeneyi ikukalambitsa msanga."

"Adadi," anatero Kaputeni mwamantha, "mwina tingobwezeretsa. Masekondi anayi okha..."

"Iwe tambasula manja, azakhali ako agwire ntchito."

Mayi a Singano anali atadula kale kansalu mkati mwa mpendero wa jekete, n'kukaika pansi pa singano ya makina. Anaponda pang'ono, n'kukatulutsa, n'kukayang'ana kunsi. Ulusi unali wothina, msoko unakwinyika. Ulusi womwewo dzulo unasoka diresi bwinobwino, koma nsalu iyi inali ina. Anamasulako kagudumu kothinitsira ulusi, n'kuyesanso. Ndipo ali chigwirire kansaluko, anazindikira kuti m'chipinda chonsecho munthu amene wamvetsa zonena za mwanayu ndi iwo, telala wosadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Akanatha kutukula kachigambako n'kunena kuti, achimwene, taonani, n'zimene akunenazi.

Anayang'ana achimwene awo. Magalasi anali atatsika kale.

"Singano," anatero, "kaike madzi pamoto, amalume ako amwe tiyi."

Mwanayo anayang'ana kansalu kali m'manja mwa mayi ake, n'kuyang'ana mayi akewo. "Chabwino, mayi," anatero, n'kutuluka.

Tsiku la mpikisano anali mayi ake amene anaumirira kuti apite akaonerere. Singano sankafuna. "Ukaone mmene zimakhalira," anamunyengerera, "kuti chaka chamawa usakachite chilendo." Mawu akuti chaka chamawa anali atasanduka mankhwala awo a chilichonse. Anatseka chipinda chosokeramo, n'kukwera basi yam'mawa, mwana atavala siketi yabuluu imene anamusokera okha.

Holoyo inali yaikulu, mawindo kuyambira pansi mpaka kudenga, dzuwa likulowa mmene likufunira. Pakati panali thabwa lalikulu loyera, lonyezimira, mzere wakuda ukukhotakhota pamwamba pake. Atangolowa, Singano anayang'ana mawindo, n'kuyang'ana thabwalo. Anakhala pa mzere wachinayi wa mipando.

Maloboti a sukulu zina anayenda monga mwa chikombole, kudzandira, kuima, kudzandiranso. Ena anagwa panjira, ena anafika movutikira, anthu n'kumawaombera m'manja mwachisoni. Kenako anaitana sukulu ya Singano. Kaputeni anatuluka jekete likumukhala bwino, poti telala wake sanali wamasewera. Anaika Kachikumbu pa mzere n'kudina batani.

Kananyamuka ngati kalumidwa. Anthu anafuula, pakuti liwiro lotere anali asanalione tsiku limenelo. Aphunzitsi anaimirira, chibakera m'mwamba. Pa khona yoyamba mzere unakhotera kumanzere, Kachikumbu n'kupitirira molunjika. Kanatsika pa thabwa, kanadutsa pakati pa miyendo ya wojambula zithunzi, n'kukagunda mwendo wa tebulo la oweruza. Kanakhala pomwepo mawilo akuzungulira, kakukankha tebulo.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Oweruza anamupatsa Kaputeni mwayi wachiwiri, ndipo kanachita chimodzimodzi, pa khona yomweyo, mpaka pa mwendo womwewo.

Mkulu wa oweruza anali mayi wamfupi, wa imvi, injiniya wa ku sukulu ya zaumisiri ija. Iye sanaseke. Anali akuwerenga pa laputopu yake, poti sukulu iliyonse inkapereka pulogalamu yake kwa oweruza. Anawerenga nthawi yaitali, anthu mpaka kuyamba kunong'onezana. Kenako anatenga maikolofoni.

"Mnyamata, bwera kuno. Lero ndawerenga mapulogalamu makumi awiri ndi atatu. Ena onse ndi pulogalamu yathu yomwe ija, yongosintha manambala. Iyi yokha ndiye yalembedwa ndi munthu. Mmene kalobotika kamabwerera pa mzere, pang'ono kakapatuka pang'ono, kwambiri kakapatuka kwambiri, ife timaphunzitsa zimenezi chaka chachiwiri. Walemba ndiwe?"

Kaputeni anayang'ana bambo ake. "Inde, madamu."

"Chabwino. Pamwamba penipeni pali gawo lina mwalitseka. Dzina lake kachigamba. N'chiyani kachigamba?"

"Ndi... ndi chigamba, madamu."

"Ndamva. Chimachita chiyani?"

"Pulogalamu inang'ambika, ndiye tinaikapo chigamba."

"Inang'ambika pati?"

Kaputeni anayang'ananso bambo ake, thukuta likutsikira mu kolala. Ana a sukulu zina anali akugwirana mapewa ndi kuseka. Mayi woweruza anadikira phokoso lithe, n'kutembenukira kwa anthu.

"Gawo limene latsekedwali ndi limene likanapambanitsa sukulu imeneyi. Wolitseka sankadziwa chimene akutseka, choncho si amene analilemba. Kugwa kwa loboti ine sikundidetsa nkhawa, maloboti amagwa. Ndikufuna mutu umene unaganiza zimenezi. Ngati mwana ameneyo ali muno, aimirire. Malo ndikamupezera ndekha."

Mayi a Singano anamva mpando wa pambali pawo ukulira. Mawondo a mwana anali atayamba kuwongoka. Nthawi yomweyo anaona achimwene awo kutsogolo kuja atatembenuka, nkhope itatuwa. Magalasi sanatsitse ulendo uno. Ankangoyang'ana mlongo wawo ngati munthu amene madzi amufika m'khosi. Mwanayu akaimirira, holo yonse idziwa kuti mphunzitsi ananama pa fomu kuti akweze mwana wake. Ntchito ithera pomwepo. Ndipo pa maliro alionse, pa ukwati uliwonse, abale azidzaloza kuti uyo ndi amene anachotsetsa ntchito mchimwene wake, yemwe anamuthandiza.

Sanaganize nthawi yaitali. Dzanja linapita lokha n'kugwira siketi yabuluu ija m'mbali, n'kukokera pansi. Singano anakoka kuti aimirire, iwo n'kugwiritsa. Panamveka kaphokoso kakang'ono, kamene telala yekha ndi amene angakamve pakati pa anthu mazana atatu: msoko wa m'mbali unali utathetheka.

Singano sanawayang'ane kumaso. Anayang'ana dzanjalo. Kenako anakhala pansi bwinobwino, n'kuika manja pamiyendo.

"Palibe?" anafunsa mayi woweruza. Maso ake anayenda mzere ndi mzere, anadutsa pa iwo, n'kupitirira. "Aphunzitsi, tithandizeni. Pulogalamuyi yachokera kuti?"

Aphunzitsi anakonza kukhosi. "Madamu, ana a masiku ano mukuwadziwa. N'kutheka kuti ena mwa iwo anakatola zinthu pa intaneti ine osadziwa. Ndikafufuza."

"Pa intaneti," anatero mayiyo, "pali kachigamba." Anapukusa mutu, n'kunong'onezana ndi anzake awiri. "Ngati ndi choncho, lamulo mukulidziwa, lili pa fomu imene munasaina. Sukulu yobweretsa ntchito yokopera siloledwa kupikisana zaka ziwiri. Wotsatira abwere."

Zaka ziwiri. Mayi a Singano anawerenga pa zala za dzanja lomwe lija, ngati kuti pali chovuta kuwerenga. Mwana wawo anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sukulu. M'basi pobwerera, Singano anakhala cha kuwindo, dzanja lili pa msoko wothetheka kuti anthu asaone ntchafu. Sanalire, ndipo mayi ake akanakonda akanalira.

Patapita masiku anayi, aphunzitsi anafika masana, envelopu ili m'manja. Nkhope yotuwa ija inali itabwerera mwakale, magalasi ali pamalo pake. Ahedi anali atalusa, ndipo mkwiyo wa ahedi umafuna munthu woti uterepo. Munthuyo anali atapezeka.

"Ndayesetsa, mlongo," anatero akukhala pa mpando wa makasitomala. "Ahedi amafuna kumuchotsa sukulu. Ndawapempha mpaka avomera kuti angosaina kalata yopepesa, ndipo ku labu asapondekonso. Iwenso usaine m'munsimu monga kholo."

"Apepese chiyani, achimwene?"

"Laputopu inkagona kuno. Ndi iye anataya pulogalamu yovomerezeka n'kuikamo zinthu zosadziwika kochokera. Akanatsata chikombole ngati anzake onse, bwenzi sukulu ili pa manyazi amenewa?"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mayi a Singano anamva mawu awo akukwera pamaso pa achimwene awo. "Mwanayu anakuuzani! Muno momwe, inu mutakhala pa mpando womwewo. Anati musachotse kachigamba. Munamunena kuti ndi wansanje. Ntchito yake munatenga, dzina lake munafufuta, chaka chamawa chimene munamulonjeza mwachiwotcha, ndiye lero apepese ndi iyeyo? Mulibe manyazi, achimwene?"

Aphunzitsi sanatekeseke. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu kamene anatola pansi.

"Mawu ngati amenewa unali nawo, mlongo? Nanga bwanji sunawalankhule kuholo kuja? Mayi uja anafunsa poyera. Ine ndinali kutsogolo, manja anga ali m'thumba. Ndinaona dzanja limene linagwira siketi. Silinali langa."

Mayi a Singano anayang'ana dzanja lawo. Zinawapweteka chifukwa zinali zoona, ndipo zinawapweteka kawiri chifukwa munthu amene anamupulumutsa ndi amene ankawabaya nazo.

Singano anali ataima pakhomo la kuchipinda, pamalo pomwe anaima tsiku loyamba lija, koma manja ali opanda kanthu. Anabwera n'kutenga envelopuyo. Kalatayo inali yotayipa kale bwinobwino: ine, kenako mpata, ndikuvomera kuti ndinasocheretsa gulu langa ndi kuchititsa manyazi sukulu, tsiku, kenako mpata. Anaiwerenga mpaka pansi.

"Chikombole china," anatero. "Posintha ndi pawiri pokha. Amalume, cholembera."

"Usasaine," anatero mayi ake. "Mwana wanga, usasaine. Tipite kwa ahedi tikanene zonse. Tikwere basi tikamufunefune mayi woweruza uja, ndikamuuze ndekha kuti kachigamba ndi kanga, unakaonera pa makina awa. Ndikagwada ngati n'kofunika."

"Ahedi akhulupirira telala kapena mphunzitsi wawo? Ndipo mayi uja anafunsa kale, mayi. Anafunsa holo yonse ikumva. Ine ndinalipo."

Anawerama pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kulemba dzina lake mu mpata uja, zilembo zikuluzikulu, mosathamanga. Anatukula pepalalo n'kuliyang'ana patali.

"Taonani, mayi. Dzina langa lapeza pepala lolembapo."

Anawapatsa cholembera. "Sainani. Mukakana andichotsa sukulu, ndiye mudzakhala mwandigwira kawiri."

Mayi a Singano analandira cholemberacho. Ndipo asanadziwe chimene akuchita, anakoka kapepala kotsala podula patani, n'kukhwatchapo kawiri kuti aone ngati inki ikutuluka bwino. Singano anaona. Anaseka kaphwete kamodzi kouma, kamene mayi ake anali asanakamvepo m'kamwa mwa mwana wawo.

"Inu ndiye simuiwala," anatero.

Anasaina. Aphunzitsi anapinda kalatayo katatu, n'kuibweza mu envelopu, n'kunena kuti mwachita bwino, nkhani za pabanja zizithera pabanja. Potuluka anaponda njira ya guluu ija osaiona n'komwe.

Makina anakhala chete mpaka dzuwa kupendeka. Diresi la kasitomala linali kudikira, koma mayi a Singano analibe nalo mphamvu. Anafufuza pa mulu wa zochapa mpaka anapeza siketi yabuluu ija. Msoko unali utathetheka kutalika ngati chikhatho. Inali ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo inali chinthu chokhacho m'nyumba monsemo chimene ankadziwa kukonza kwake. Anasankha ulusi wofanana, n'kuulowetsa.

Dzanja lowonda linabwera n'kuichotsa siketiyo pa makina, mwaulemu, osakoka.

"Isiyeni, mayi," anatero Singano, akuipinda. "Ndikufuna ndiziona pamene munagwira."